Kodi Mulungu amawerenga kaundula wa pulifekiti?

Mwana akalowa m'tchalitchi chifukwa choopa chikwakwa, kodi kulowa kwakeko tingakutche kupemphera? Funso limeneli si latsopano. Ife amene tinaphunzira m'sukulu za mishoni timakangana nalo kawiri-kawiri, makamaka pamaliro ndi pamaukwati pamene a kalasi limodzi timakumana, ndipo sindinaonepo tsiku limene tinagwirizana. Ena amati malamulo a abambo ndi asisteri ndiwo anatiumba kukhala anthu. Ena amati anatiphunzitsa chiphamaso tikadali aang'ono. Choseketsa n'chakuti magulu onse awiri, akapeza malo, amatumiza ana awo ku sukulu zomwezo.

Nkhaniyi ndikufuna ndiikambe kuchokera kumene ndinaionera, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, chifukwa m'tauni funsoli limapepuka. Ku Limbe kapena ku Area 25, kholo likadana ndi malamulo a sukulu ina limangowoloka msewu n'kukalembetsa mwana kwina. Kunyanja sukulu ina ili kutali, ndipo nthawi ya dzinja pakati pake pamakhala dambo.

Kwa inu amene simunafikeko: mukachoka m'tauni ya Zomba mumatsika makilomita pafupi-fupi 30 kuti mufike padoko la Kachulu, pamene mabwato opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira. Dziko lake ndi lathyathyathya, la mpunga ndi fumbi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imangothiramo, dzuwa n'kumamwa, ndipo mvula ikavuta zaka zingapo nyanja imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atagona pa dothi long'aluka. Madzi akakhalapo, moyo wonse ndi matemba, makumba ndi milamba. Asodzi amatha masabata ali pa zimbowera, tinyumba tija amamanga pa udzu woyandama, ndipo mnyamata wa zaka 12 amadziwa kale kuti kukoka khoka m'mawa umodzi kumalowetsa ndalama m'thumba pamene masamu a Sitandade 6 salowetsa kanthu. Anthu ake ndi Anyanja, Alomwe ndi Ayao. Alipo Akatolika, a CCAP, a Seventh Day, komanso Asilamu ambiri ndithu.

Sukulu yathu, imene sinditchula dzina, inali ya pulayimale, ya Akatolika, ndipo a Sitandade 7 ndi 8 tinkagonera konko. Belu lake linali limu ya lole yopachika pa mtengo wa mango. Linkalira 5 koloko m'mawa kuti tidzuke, tisese ndi kukatunga madzi pa mjigo. Linkaliranso kuti tipite ku Misa, katatu pa sabata. Kenaka phala la mgaiwa, asembule, makalasi, nsima ya nyemba zofumbwa, ntchito za manja, korona mwezi wa Meyi ndi wa Okutobala, kuwerenga pa nyali ya palafini, pemphero la usiku, kugona. Panalibe ola limene linalibe mwini wake.

Malamulo analembedwa pa katoni yokhoma pachitseko cha ofesi. Limodzi lokha ndi limene tinalisunga mwangwiro, lija loletsa kudya nyama Lachisanu la m'nyengo ya Lenti, poti nyama inkabwera kamodzi pa teremu.

Ena mwa malamulowo ndingawaikire kumbuyo pamaso pa aliyense. Loletsa kupita kudoko linali lowawa kwambiri kwa ife, koma ndilo linali ndi nzeru kuposa onse. Madzi a Chilwa ali ndi likodzo, ndipo kolera amayendera asodzi a pa zimbowera kawiri-kawiri, popeza madzi akumwa ndi chimbudzi ndi nyanja yomweyo. Kuonjeza apo panali ndalama. Mnyamata akalawa ya matemba sankabwereranso m'kalasi, ndipo mtsikana akazolowerana ndi ogula nsomba ochokera m'tauni, mapeto ake tonse tinkawadziwa. Mphunzitsi amene ankatidikira ndi kamtengo panjira ya kudoko ankalimbana ndi nyanja yonse yekha-yekha. Lero ndikamuona ndimamuvulira chipewa.

Lamulo la Chingerezi ndiye linali sewero. Wopezeka akuyankhula Chichewa ankavekedwa chigoba cha nkhono m'khosi, ndipo iye ankayenda kutchera khutu kuti apeze mnzake womusiyira. Wogona nacho ankatchetcha udzu. Taganizani abale: 6 koloko tikuyankhula ndi Mulungu m'Chichewa, poti Misa yonse inali ya Chichewa, 7 koloko tikulangidwa chifukwa chopempha mnzathu sopo m'chinenero chomwecho. Anzathu a Chiyao ndi Chilomwe ndiye anatsekedwa pakamwa kawiri. Chingerezi tinaphunziradi pang'ono, koma luso lenileni limene chigobacho chinatipatsa ndi la ukazitape.

Koma limene landilembetsa nkhaniyi ndi la Misa. Pakhomo la tchalitchi pankaima pulifekiti ali ndi kope, akuchonga maina. Wosapezeka ankakumba dzenje la zinyalala kapena kuzula chitsa. Lamuloli silinkafunsa kuti ndiwe wa mpingo wanji.

Mfundo za oikira kumbuyo lamulo limeneli si zopepuka, ndipo sindikufuna kuzinyoza. Iwo amati m'mera m'poyamba. Palibe mwana amene anafunsidwa ngati akufuna kuyankhula Chichewa kapena kudya nsima. Timamuzoloweza, kumvetsa kumabwera pambuyo. Aristotle, wanzeru wa ku Greece, anaphunzitsa zaka zoposa 2,300 zapitazo kuti munthu amasanduka wolungama pochita zolungama mobwereza-bwereza, monga mmisiri amaphunzirira kumanga pomanga. Ngati zili choncho, mawondo ayambe agwada, mtima udzatsatira. Ngakhale Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene poyamba ankakana zoti munthu akakamizidwe pa za chipembedzo, anasintha maganizo ataona kuti ena mwa a Donatist amene anabwezedwa mu mpingo ndi mantha a chilango anadzakhala Akatolika okhazikika. Ndipo kunena zoona, ndikudziwa anzanga amene lero ndi atsogoleri a miphakati, amene ku Misa ankapita chifukwa cha dzenje basi.

Mfundo imeneyi ndimaivomera mpaka pamalire ena. Imagwira ntchito pa mwana wa Mkatolika, amene makolo ake anamubatiza ndipo akufuna akule m'njira imeneyo. Sukulu ikamudzutsa kupita ku Misa, ikungogwira ntchito imene mayi ake akanagwira. Koma pa mwana wa shehe, chizolowezi chimene tikumuphunzitsa n'chotani? Sitikumuzoloweza kupemphera, poti kwawo amaswali kale kasanu pa tsiku. Tikumuzoloweza kugwedeza milomo pa zimene sakhulupirira kuti dzina lake lichongedwe. Ngati Aristotle ananena zoona kuti munthu amasanduka chimene amachita mobwereza, ndiye kuti katatu pa sabata tinkasula munthu wa nkhope ziwiri.

Mfundo yachiwiri ndi ya umwini. Sukulu ndi yathu, amatero, tinaumba njerwa ndife, wosafuna apite kwina. M'mbiri muli choonadi chake. Abambo a Montfort atafika ku Nzama mu 1901, sukulu ndiyo inali khomo la mpingo, ndipo kwa zaka zambiri boma la atsamunda silinkalabadira maphunziro a anthu akuda. Popanda mishoni, agogo athu ambiri sakanadziwa kulemba dzina. Asilamu ambiri nthawi imeneyo anakaniza ana awo sukulu poopa kuti akabatizidwa, ndipo mtengo wa mantha amenewo akuulipirabe zidzukulu zawo. Koma pa sukulu zimene mpingo ndi mwini wake ndipo boma limathandiza, aphunzitsi amalandira malipiro kuchokera ku boma, kutanthauza kuti ku msonkho wa aliyense, kuphatikizapo msodzi wa Chisilamu akamagula sopo ndi shuga pa Kachulu. Ndipo kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupi-fupi 3 miliyoni, sukulu ya mishoni ya kumudzi inasanduka sukulu ya mudzi wonse. Kuuza mwana wa kunyanja kuti apite kwina ndi chimodzimodzi kumuuza kuti apite ku khoka.

M'kalasi mwathu munali mnyamata wa Chiyao, Msilamu, amene katekisimu ankamudziwa kuposa ife tonse obatizidwa. Ku Misa sankajomba. Ankagwada pogwada, kuima poima, nthawi ya Ukaristia n'kukhala pansi. Mu 2003 mwezi wa Ramadhan unayamba chakumapeto kwa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Chilwa limaotcha ngati lili nawe chifukwa. Iye anafunga. Lamulo linali lakuti chakudya sichituluka m'chipinda chodyera, ndipo chamadzulo tinkadya 5 koloko, dzuwa lisanalowe. Masiku awiri oyamba anagona ndi madzi okha.

Tsiku lachitatu bambo wophika, amene tonse tinkangomuti Amalume, Mkatolika wa korona m'khosi, anayamba kumusungira mitanda iwiri ya nsima pansi pa beseni kuseri kwa khitchini. Ankangomuuza kuti, “Iwe, ukamaliza zakozo ubwere udzanditsukire mphika.” Mphikawo unali wotsuka kale. A hedimasitala ankadziwa, sindikukaika, chifukwa zenera la nyumba yawo linkayang'ana kukhitchini komweko. Mwezi wonse katani ya zenera limenelo inali yotseka.

Nkhani imeneyi ndikaikamba, anthu amakonda kunena kuti, mwaona, malamulo analipo koma chifundo chinalinso pomwepo, ndiye vuto lili pati? Vuto lili pa katani. Chifundo chimene chimadalira kuti wamkulu ayang'ane kumbali chimatha tsiku limene wamkuluyo wasamutsidwa. Mnzangayo anadya ngati wakuba chakudya chimene makolo ake analipira. Amalume akanatha kuchotsedwa ntchito. Ndipo ife oonerera tinaphunzirapo kuti chabwino chimachitikira kuseri kwa khitchini, pamene poyera pamayenera kukhala lamulo. Ndikaona m'mene timayendetsera maofesi m'dziko muno, ndimaona kuti phunziro limeneli tinakhoza bwino ndithu.

N'chifukwa chake ine sindili m'gulu la amene amati malamulo achepe, chikondi chichuluke. Wofooka amatetezedwa ndi cholembedwa. Mkangano wa hijabu utabuka pa sukulu ya Anglican ya M'manga ku Balaka mu 2019, anthu anamenyana ndipo ana anakhala kunyumba osaphunzira. Chinathandiza si kukoma mtima kwa mphunzitsi mmodzi, koma mgwirizano wolembedwa umene atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana mu 2021 mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee. Chimodzimodzi ana a Chirasta: anadikira mpaka Meyi 2023, pamene Justice Zione Ntaba pa bwalo lalikulu la milandu ku Zomba anagamula kuti sukulu za boma zisawabweze chifukwa cha tsitsi lawo. Funso si kuchuluka kwa malamulo. Funso ndi lakuti lamulo lingafike pati, ndipo ndi pati pamene liyenera kuvula nsapato n'kuima pakhomo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Mpingo wa Katolika unayankha kale funso limeneli, ndipo sunatsate Augustine. Pa 7 Disembala 1965, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Dignitatis Humanae, chimene chimaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chake pa za chipembedzo, ndiponso kuti ufulu wa makolo umaphwanyidwa ana awo akakakamizidwa kulandira maphunziro osemphana ndi chikhulupiriro cha makolowo. Maepiskopi ambiri polemba zimenezi ankaganizira ana a Akatolika m'maiko a chikomyunizimu. Koma mpeni ukanoledwa susankha dzanja. Chimene chili choona kwa mwana wa Mkatolika ku Poland chili choonanso kwa mwana wa shehe kwa Mwambo.

Tili Sitandade 8, mu 2004, dayosizi ya Zomba inalandira episkopi watsopano, Ambuye Thomas Msusa, amene pambuyo pake anadzakhala arkiepiskopi wa Blantyre. Iwo anabadwira m'banja la Chisilamu ku Mangochi, analowa Chikatolika ali mnyamata abale awo asakufuna, ndipo patapita zaka zambiri anadzabatiza bambo awo omwe. Mbiri imeneyi Akatolika amaikonda, ndipo m'pake. Koma imakoma chifukwa chiyani? Chifukwa mnyamatayo anasankha yekha, ndipo kusankhako kunamuwawa. Ikanakhala mbiri ya mwana amene analowa m'tchalitchi pothawa kuzula chitsa, palibe akanaikamba paguwa. Ndipo ngati timalemekeza mwana amene anatsata chikumbumtima chake kulowa, sitingalange mwana amene akutsata chikumbumtima chake pokhala kunja.

Tsono pali chinthu china chimene chimandilepheretsa kuiweruza sukulu ija mophweka, ndipo ndicho chimandisowetsa tulo kuposa zonsezi. Malamulo a pa katoni ija ankafanana zedi ndi nsanamira zinayi za Kamuzu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tsitsi lalifupi, siketi yopitirira mawondo, osafunsa wamkulu. Boma linali ndi lamulo lake la kavalidwe kuyambira 1973 mpaka 1993, mishoni inali ndi lake kalekale. Munthu akanayembekeza kuti anthu oleredwa ndi belu ndiwo adzakhale omaliza kutsutsa wolamulira. Koma pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata imene inagwedeza boma la chipani chimodzi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika, itasainidwa ndi anthu amene anakulira m'maseminale, kumene belu ndi lolimba kuposa la sukulu yathu. Mmodzi mwa iwo anali episkopi wathu wa Zomba, Ambuye Allan Chamgwera. Boma linati kalatayo ndi youkira, nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka inatenthedwa, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko, ndipo ophunzira a pa Chancellor College, kumtunda kwa Likangala yemweyu, anayenda mumsewu kuikira kumbuyo maepiskopi. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri.

Nanga zinatheka bwanji kuti sukulu ya kumvera ibale anthu okana? Yankho langa ndimalipeza m'mphindi zisanu za pemphero la usiku. Tisanagone, mphunzitsi wa pa ntchito ankatiuza kuti tikhale chete, aliyense aunike tsiku lake: walakwira ndani, wanama pati, wasiya chabwino chanji. Pamenepo panalibe kope. Pulifekiti sakanatha kuchonga zimene zinkachitika m'mutu mwa munthu. Ambiri tinkangosinza, ena ankawerenga udzudzu. Koma amene anaphunzira kuchita zimenezi moona anatulukira kuti muli woweruza m'kati mwa munthu amene saopa hedimasitala, ndipo woweruza ameneyo akakula saopanso a Payoniya. Sukulu inkaphunzitsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kumvera belu ndi kumvera chikumbumtima, mwina osazindikira kuti tsiku lina ziwirizi zidzakangana. Amalume ndi beseni lawo anali atamaliza kale mkangano umenewo.

Kaundula wa pakhomo la tchalitchi ankagwira ntchito yotsutsana ndi mphindi zisanu zija. Ankatiphunzitsa kuti diso la Mulungu ndi diso la pulifekiti ndi limodzi, ndipo pulifekiti ankagulika ndi theka la chinangwa chootcha. Zotsatira zake zinkaoneka pa holide. Belu likakhala kutali, ambiri a ife, obatizidwa ndi olimbitsidwa omwe, Lamulungu linkatipeza kudoko. Lamuloli silinapweteke Asilamu okha. Linabera ana a Akatolika mwayi wodziwa ngati iwo eni akufuna kupita kapena ayi, chinthu chimene munthu sangachidziwe pokhapokha khomo lotulukira likhale lotsegula.

Ndiye ndikanakhala bambo mfumu wa parishi ya kunyanja, ndikanatani? Belu ndikanalisiya. Mtanda pakhoma, pemphero la pa asembule, korona wa Okutobala, zonse zikhale, poti sukulu ya Katolika siyenera kuchita manyazi ndi dzina lake, ndipo kholo la Chisilamu limene ndikulidziwa silipempha zimenezo. Lamulo la kudoko ndikanalikhwimitsa. Ana a Akatolika ndikanawadzutsa ndithu kupita ku Misa, monga mayi amadzutsira mwana, ndi mawu, osati ndi khasu. Ana a zipembedzo zina ndikanawapatsa kalasi loti akhalemo chete ndi mabuku awo, Lachisanu masana ndikanawamasula apite ku mzikiti, ndipo za chakudya cha wofunga ndikanazilemba pa katoni pomwepo kuti wophika asamabise nsima pansi pa beseni. Kope la pulifekiti ndikanakolezera moto wa phala.

Ndikudziwa chimene aphunzitsi angandiyankhe, kuti ana 80 m'kalasi limodzi salamulidwa ndi filosofi, ndipo ukatsegula kabowo kamodzi onse adzati ndi Asilamu kuti agone mpaka 6 koloko. Mwina sabata yoyamba zingaterodi. Koma kalasi la chete lokhala ndi mphunzitsi pakhomo si malo ogonamo, ndipo mwana wa kumudzi sangabise mpingo wa makolo ake kwa anthu amene amatunga nawo madzi pa mjigo umodzi.

Mnzanga wa Ramadhan uja ndinakumana naye pa Kachulu mu 2023, miyezi ingapo namondwe wa Freddy atadutsa, nyanja itadzaza mpaka m'minda ya mpunga. Amagula matemba n'kukagulitsa ku Limbe. Mwana wake wamkazi anali Sitandade 5 pa sukulu yomwe ija, ndipo ankapita atavala hijabu ya mtundu wa yunifolomu. Ndinamufunsa chifukwa chake anamutumiza kumeneko, iye amene anadyera kuseri kwa khitchini.

“Achimwene,” anatero, “kumene kuja aphunzitsi amalowa m'kalasi, ndipo mwana sangathawire kuno osadziwika. Ine ndikufuna adzakhale namwino. Za Mulungu ndimamuphunzitsa ndekha.”

Ndinafunsanso za kope la pakhomo la tchalitchi, ngati likadalipo. Anaseka, nati kope lilipo ndithu, koma chaka chimenecho ankalembamo maina a ana amene sanapereke ndalama ya chitukuko.